Chovala cha Kompyuta

Makina opeta anaima pakati pa baji ya sukulu, singano ili m'nsalu. Kompyuta inali itaumanso. Mayi Telala anagwira m'chiuno. Kompyutayo inali nkhalamba, yosiyidwa ndi malemu amuna awo, koma ndi yokhayo imene inkamvana ndi makinawo. Zatsopano zinalibe n'komwe polowetsa chingwe chake. Kufa kwa iyo kunali kufa kwa shopu.

Anaitana Waya, wokonza zamagetsi wa khomo loyandikana. Waya anapeza bokosi la kompyuta litavala choluka chofiira, cha mphonje, chofika mpaka pansi.

"Alamu, kompyutayi ikupita ku ukwati?"

"Musaseke. Analuka ndi apongozi, akuti isalowe fumbi."

Apongoziwo anali pakona, akusokerera mabatani. Sanadzutse mutu.

Waya anavula cholukacho, n'kutsegula bokosi, n'kupisamo chala. Anachibweza msangamsanga. "Apa mukhoza kukazingapo dzira!"

Anawaonetsa purosesa, ubongo wa kompyutayo, kachinthu kosaposa bokosi la machesi. Pamwamba pake panali chitsulo cha mano ngati chipeso, chodzaza nyenyeswa za ulusi. Kafani kake kankazungulira mwaulesi, ndipo mafuta oyera opititsa kutentha kuchitsuloko anali atauma gwa.

"Zatsopano zikatentha zimadzithimitsa zokha," anatero Waya, uku akuuzira fumbi ndi kupaka mafuta ena. "Zakalezi n'zouma mutu, zimakakamira ntchito mpaka kupsa. Ikapsa iyi, ina simuipeza ngakhale kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Ndiye chovalachi chisabwererepo, chikutseka mphuno zonse. Mukabwezerapo, musadzaitane ine, mudzaitane abusa."

Mayi Telala anamutsinzinira kuti atseke pakamwa, koma madzi anali atatayika kale. Iwo ankadziwa ndithu kuti bokosilo likutentha. Kungoti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye ankangochotsa cholukacho ponena kuti akachichape. Chikauma, apongozi ankachibwezerapo. Chimwalirire mwana wawo, gogoyo ankapukuta kompyutayo m'mawa uliwonse asanasese n'komwe, ndipo pakamwa pa Mayi Telala pankalemera kuti awaletse.

Apongozi anaika singano pansi. "Ndiye kuti amene ndikupha katundu wa mwana wanga ndine?"

"Ayi amayi, simunadziwe," anatero Mayi Telala, chisoni chitawagwira.

"Mwana wangayo sanandiuzepo kuti chimapuma."

Waya anakanda m'mutu, nthabwala zitamuthera. "Chimapuma, amayi. Mpweya umalowa kutsogoloku, n'kutulukira kumbuyo."

Gogoyo ananyamuka pang'onopang'ono. Anaika chikhatho pabokosipo monga amachitira mayi pamphumi pa mwana, n'kukhala choncho kanthawi.

"Nayenso anali wotero," anatero. "Akatentha thupi ankakankha bulangete, ine n'kumamufunditsabe."

Anachotsa chikhatho pabokosipo. Anatola cholukacho, n'kuchikutumula, n'kuchipinda bwinobwino mphonje zili m'kati. Anachiika m'chikwama mwawo, kenako anatsegula zenera.

"Yatsani, ana a sukulu akudikira."

Kafani kanazungulira, singano inayambanso kugogoda, baji ija inatha.

M'mawa mwake apongozi anapukuta kompyutayo monga mwa masiku onse. Makina atagwira ntchito mpaka dzuwa kukwera, anasiya mabatani awo, n'kupita kukaika chikhatho pabokosi paja.

"Lero ali bwino," anauza mpongozi wawo, n'kubwerera pakona.