Pansi pa Msewu wa a Gudumu

Msewu wodutsa pakhomo pa a Gudumu unali utakumbika moti madalaivala ankangosankha dzenje loti agweremo. Aliyense wogweramo ankatchula madalawo, poti ndi amene anaupsinja ndi chigudumu chawo kalekale, asanapume pantchito.

"Moni kwa a Gudumu!" ankakuwa makondakitala, minibasi ikadumpha. Madalawo ankaseka nawo ali pakhonde, koma mpando wawo anali atautembenuzira kukhoma.

Zimenezi zinkamupweteka mwana wawo wamkazi, yemwe ankayendetsa giledala, chigalimoto chopala msewu, pakampani yodzakonza msewuwo. Choipitsitsa, kapitawo anali atagamula kale kuti agalaule zonse, phula ndi miyala ya pansi yomwe, akataye. Wogalaulayo akanakhala iyeyo, bambo ake akuona.

Kenako kunabwera injiniya, mayi wamfupi amene antchito ankamutcha Nadzenje chifukwa sankayankha funso asanakumbitse dzenje. Atangotsika m'galimoto anaitanitsa piki.

"Mayi, mvula ili pafupi," anadandaula kapitawo. "Msewu wowola ngati uwu n'kuupimiranji?"

"Mwaufunsa pamene pakuupweteka?" anatero Nadzenje, akuvala magambutsi.

Phula linangofumbutuka ngati chikhungwa chouma. Koma piki itafika pamiyala ya pansi, inadumpha n'kulira ngwee! Nadzenje analowa m'dzenjemo, nagwada, nakhoma chitsulo chake chosongoka choyesera kulimba kwa nthaka. Chitsulocho chinakana kulowa. Anakumbitsa kwina, anapeza chimodzimodzi. Woyendetsa giledala uja anali asanaonepo munthu wamaphunziro akupapasa dothi mwachikondi choncho, ndipo anamusirira.

Mayiyo sanathere pomwepo. Anakhuthula chidebe cha madzi pamsewu n'kumawatsatira pang'onopang'ono, anthu akumuseka. Madziwo anakaima m'mphepete, pomwe ngalande inali itakwiririka ndi mchenga ndi zinyalala, n'kuyamba kulowa m'ming'alu ya phula.

"Mfiti yanu nayi," anatero. "Madzi asowa kolowera. Koma anapsinja pansipa ndani?"

Ena anayamba kukodolana. Woyendetsa giledala uja anayandikira.

"Ndi bambo anga. Ndi awo ali pakhondepo."

Nadzenje anawoloka msewu ndi matope ake omwe, navula chisoti.

"Bambo, munkapsinja bwanji?"

Madalawo anayang'ana pansi, poganiza kuti mlandu wa msewu uja wafika.

"Pang'onopang'ono, mwanangu. Kuyala pang'ono, kuwaza madzi, kupsinja, kenako kuyalanso. Mabwana ankati ndimachedwetsa ntchito."

"Kuchedwa kwanuko n'komwe kwaugwira msewuwu. Pansipa sitikhudzapo. Titsegula ngalande, tisenda phula lokha, latsopanolo tiliyala pantchito yanu."

A Gudumu anangogwira dzanja lamatope la mayiyo ndi manja awo onse awiri. Mwana wawo anathawira kuseri kwa giledala kukapukuta misozi, poopa kuti kapitawo angamuone.

M'mawa mwake anakwera giledala n'kutsitsa mpeni wake mosamala, kuti usende phula lokha. Atafika pakhomo pawo anamva wina akukuwa kuposa injini. Mpando uja unali utayang'ana kumsewu, ndipo mwini wake anali chiimire, akuloza ndi ndodo.

"Iwe! Usazamitse mpeniwo! Pansipo m'panga!"