Tulo ta Taonga

Alamu anga a Goodson Kadzamira ndi munthu wophunzira, ndipo salola kuti wina aiwale zimenezi. Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno ku Mzimba kudzagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina pa boma, n'kukwatira mkulu wanga Phoebe. Ine ndine Fyness, telala wa kuseri kwa msika, ndipo sukulu ndinalekera Sitandade 6. Zimenezinso alamu salola kuti ndiiwale.

Chaka chimene mwana wawo woyamba, Taonga, ankalemba mayeso a Sitandade 8, Phoebe anabereka mwana wachitatu mwa opaleshoni. Ndinatseka kachipinda kanga n'kukakhala kwawo kuti ndizimuthandiza. Taonga anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kamtsikana kowonda ngati bango koma kanzeru kwabasi. Aphunzitsi ake onse ankati ameneyu asankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko, ndipo mwanayo ankaifuna sukuluyo ndi mtima wake wonse.

Pa chitseko cha chipinda chake panamatidwa pepala lotayipa pa kompyuta ya ku ofesi, lokhala ndi mizere yowongoka bwino ndi siginecha ya bambo pansi pake. Kudya, 6 koloko madzulo. Kuwerenga, kuyambira 7 mpaka 11. Kudzuka, 3 koloko m'bandakucha. Ine wosaphunzirane ndinawerenga ndi zala n'kupeza maola anayi. Nkhuku za pakhomopo zinkagona mokwanira kuposa mwana wa mwini nyumba.

Mwana akayamba kusinza, alamu anali nawo mankhwala ake. Ankadzaza beseni ndi madzi a mumtsuko, kuliika pansi pa tebulo, n'kumuuza aviike mapazi. Mwezi wa Meyi umenewo, kuno ku Mzimba, nthawi imene ngakhale galu amakana kuchoka paphulusa.

"Ife tinapita ku sekondale ndi beseni," ankatero atapisa manja m'thumba. "Tulo sitinalembepo munthu ntchito."

Akatero ankayasamula, kulowa kuchipinda 8 koloko isanakwane, ndipo posakhalitsa nyumba yonse inkanjenjemera ndi mkonono ngati chigayo cha dizilo. Foni yawo ikalira 3 koloko ankangotulutsa pakamwa m'bulangete, kukuwa kuti, "Taonga, dzuka!" n'kutembenukira kukhoma. Kumeneko ndiye kunali kudzipereka kwawo pa maphunziro a mwana.

Zinkandinyansa, sindibisa. Ndinayamba ndi mkulu wanga, tsiku lina akuyamwitsa.

"Asiye, Fyness," anatero osandiyang'ana. "Awiske ndiwo akudziwa za sukulu."

Ndiye ndinawapeza awiske akewo, bambo a mwanayo, pakhonde akupukuta nsapato.

"Alamu, ndapota, mwana uyu watopa chomene. Dzulo ndamupeza akugona ataimirira, mbale ili m'manja. Msiyeni azigona 9 koloko, mbwenu azidzuka 5. Kuthamanga sikufika."

Anaika nsapato pansi pang'onopang'ono n'kundimwetulira ngati mmene amamwetulirira anthu a kumudzi akalakwitsa kulemba fomu.

"Alamu, inu munalemba mayeso ati paja? Zipi ya thalauza langa ikaduka ndidzabwera kudzamva malangizo anu."

"Yewo," ndinatero, n'kudzisungira mawu amene sindikanawanena pamaso pa ana. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Usiku woti mawa mayeso ayamba, ngakhale maola anayi aja alamu anawaona kuchuluka. Anati ndi usiku wobwereza zonse, mwana agone 1 koloko. Ndinadzuka pakati pa usiku n'kumupeza milomo itauma, zala za kumapazi zitachita makwinya m'madzi, maso ali pa buku koma osaona kanthu. Ndinamunong'oneza kuti akagone. Anapukusa mutu, akuti adadi anena kuti amene akugona pano ndi amene adzalire. M'mawa anapita ku mayeso maso ali psu.

Masana anabwera naye mphunzitsi wa kalasi yake, mayi Esme Nyirenda, atamugwira dzanja. Alamu anali atabwera kudzadya. Mayi Nyirenda anakana mpando, n'kunena nkhaniyo ataimirira. Taonga anagona pa pepala la Chingerezi. Anayamba bwino, kenako anatsamiritsa mutu pa desiki, ndipo woyang'anira mayeso ankayesa kuti wamaliza msanga, poti anauzidwa kuti ndi mwana wanzeru. Anamudzutsa kutatsala mphindi khumi ndi zisanu. Theka la pepala linapita loyera.

Mwanayo sanalire. Ankangoyang'ana pansi.

Ndinadikira kuti mwina lero munthu wophunzira uja achita manyazi. Anadzuka n'kupita pawindo kukayang'ana nyumba ya aneba, amenenso anali ndi mwana wolemba mayeso omwewo.

"Mwana wanga sanagonepo pa buku," anatero. "Ititu si tulo wamba. Pali munthu waponda apa."

"Bambo Kadzamira," anatero mayi Nyirenda, "mwanayu wakhala akusinza m'kalasi kuyambira Febuluwale. Ndinakulemberani kalata kawiri."

"Ndiye kuti anayamba kalekale kumuchita zimenezi," anayankha alamu, akugwedeza mutu ngati atulukira chinthu chachikulu.

Mankhwala anali atawapeza kale. Kunjira ya ku Manyamula kunali mneneri wina amene ankachititsa mapemphero ochezera, ndipo usiku womwewo kunali msonkhano. Mwana akapemphereredwe mpaka mbandakucha, mzimu wa tulo utuluke, m'mawa akalembe masamu. Tamvani nzeru za munthu wa satifiketi: mwana wagona m'mayeso chifukwa chosagona, ndiye achezere usiku wonse akuimba ndi kuwomba m'manja.

Dzuwa litapendeka alamu anatuluka kukafuna njinga yamoto yoti iwanyamule. Ine sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Ndinauza Taonga avale juzi. Phoebe atandiona analowa kuchipinda akudzikoka ndi bala lake lija n'kutuluka ndi yunifolomu ndi chiphaso cha mayeso, n'kuziika m'chikwama changa. Tinakwera kabaza mpaka kuseri kwa msika.

Ndinamuphikira tiyi ndi mbatata. Anafunsa kawiri za makope ake, ine n'kumuuza kuti ndawaiwala, ngakhale ndinawasiya dala. Isanakwane 7 koloko anali atagona pabedi langa, chidutswa cha mbatata chili m'manja. Ndinamufunditsa mabulangete onse awiri, ine n'kudzikulunga chitenje n'kukhala pansi motsamira chitseko.

Patapita ola limodzi chitsekocho chinayamba kugunda kumsana kwanga.

"Alamu, tsegulani! Mukudziwa kuti uku n'kuba mwana?"

"Nkhumanya chomene," ndinayankha. "Ndamuba. Mawa 6 koloko ndimubweza ku sukulu."

"Mukuwononga tsogolo lake! Ndikukaitana apolisi!"

"Kaitaneni. Koma muwauze ayankhule motsitsa, mwana wagona."

Anagogoda, anatukwana mwaulemu ngati munthu wa mu ofesi, anandikumbutsanso za Sitandade 6. Anthu oyandikana nane atayamba kutsegula mawindo anachita manyazi n'kuchoka, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika 9 koloko anali akuliza chigayo chawo chija. Phokoso lonselo Taonga sanalimve. Anagona maola khumi ndi limodzi osatembenuka.

M'mawa anasamba, anadya, anapita akuyenda ngati mwana. Usiku wachiwiri anagonanso kwa ine, poti Phoebe anali atapeza pakamwa pake tsopano ndipo anauza mwamuna wake kuti akamutenga mwanayo, iye anyamula khanda n'kubwerera kwathu ku Euthini. Mapepala otsalawo Taonga analemba onse mpaka kumapeto, ndipo potuluka ankaseka ndi anzake. Ndinasangalala kwambiri, ndinkadziona ngati ndapulumutsa munthu m'madzi.

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi. Taonga anakhoza, koma theka loyera lija linamudya. Dzina lake linali pa mndandanda wa sekondale yoyendera ya pafupi pomwepa, osati yogonera ija. Anadzitsekera m'chipinda masiku awiri.

Alamu sanachedwe kupeza wolakwa. Ku tchalitchi, ku ofesi, ngakhale kwa ometa tsitsi, nkhani inali imodzi: mwana anali pa mzere wabwino, koma masiku awiri omaliza sanagwire buku, anakamugoneka kwa telala. Za Chingerezi sankazitchula. Anthu ankabwera kudzandiuza, ine n'kumangoseka ndikupalasa makina anga. Mawu a munthu wogona 8 koloko sakanandichotsa thupi.

Sabata yotsegulira sukulu ili pafupi, Phoebe anamutuma Taonga kwa ine ndi nsalu ya yunifolomu yatsopano. Analowa, anandipatsa moni wa mlendo, n'kuima pakati pa chipinda atatambasula manja kuti ndimuyeze. Ndinayesa kumuseketsa kuti watalika ngati mlongoti, koma sanaseke. Ndinagwada kuti ndiyeze kutalika kwa siketi, mapini ali pakamwa.

"Anti," anatero, akuyang'ana khoma.

"Mm?"

"Adadi akuti masamu ndikanakhoza onse, akanakwirira Chingerezi chija. Mukanandidzutsa 3 koloko, anti. Bwenzi pano ndikulongedza sutikesi."

Sananene mwachipongwe. Ananena mofatsa, ngati munthu amene waiganizira nkhaniyo masiku ambiri ndipo wagamula mlandu. Ndinafuna kumuuza kuti awiske ndi chitsiru chovala tayi, koma mwana sauzidwa zotero za bambo ake, ndipo akanakhulupirira ndani pakati pa kalaliki ndi telala? Ndinachotsa mapini pakamwa, ndinalemba nambala pa nsalu ndi choko, ndipo ndinamuuza kuti adzatenge yunifolomu yake Lachisanu.

"Adzatenga amama," anatero, n'kutuluka.