Chala Chosokera Fodya

Lachiwiri pa 4 Malichi 2025, Lefina wa ku Santhe anadzibaya chala chamkombaphala akusoka fodya m'chigafa. Singano yake inali ya sipoko ya njinga, yonolera pamwala. Panatuluka kadontho kamodzi ka magazi. Anakayamwa, n'kupitiriza kutunga masamba.

Chala chitayamba kutupa, amuna ake, a Duncan, anachita zimene ankachita nthawi zonse. Anagula makapisozi pa okala, imodzi anaitsegula n'kuwaza ufa wake pabala, ziwiri Lefina anamwa, zotsalazo anazisungunula m'madzi a nkhuku poti chitopa chinali chitamveka tsidya la dambo. Pakhomopo makapisozi ankamwedwa choncho chaka ndi chaka, anthu ndi nkhuku mogawana.

Mwezi usanathe Lefina anagonekedwa kuchipatala ku boma, chala chitada ngati tsamba lowola ndi mvula. Mankhwala a m'diripi anasinthidwa kawiri, osathandiza. Dokotala wake, mayi wamng'ono thupi dzina lake Rahila, anawauza zimene mafinya anaonetsa atapimidwa: tizilombo take tinali tosamva mankhwala alionse amene analipo. Chalacho chinayenera kudulidwa matenda asanalowe m'dzanja.

A Duncan anafunsa ngati dziko lonse lapansili linalibedi mankhwala ena. Dokotala sanawabisire. Anati akatswiri akunja akupanga atsopano. Ambiri mwa akale amalowa m'kati mwa kachilombo kukasokoneza ntchito zake, ndipo tizilombo tinaphunzira kuwalavula. Atsopanowo amaboola khungu lenileni la kachilomboko, n'kukaphwetsa ngati chubu cha njinga. Koma anali asanafike pa anthu. Anali akuyesedwabe pa mbewa.

"Pa mbewa?" anatero a Duncan. "Ife kuno timaziwamba, iwo akuzibaya jekeseni? Ndiye mbewa ichire, mkazi wanga aduke chala?"

Kuyambira pamenepo nkhani yawo inali ya mankhwala atsopanowo basi. Anauza odwala a mabedi oyandikana za chubu. Anauza Lefina kuti apirire, zinthu masiku ano zimabwera pandege. Munthu wosoka fodya wopanda chala chimenecho, anatero, ali ngati khasu lopanda mpini.

Tsiku lina masana kunatentha, ndipo thupi la Lefina linatentha koposa. Anayang'ana madontho a diripi akugwa, mpaka denga la wodi linayamba kutalikira. Anapezeka ali m'munda mwake. Minda ya fodya inayala mpaka kumene kumwamba kumakhudza nthaka, phiri la Kasungu lili patali, labuluu ngati utsi. Pamwamba pa mizere pankayandama timatumba tamadzi, toonekera m'kati, tambirimbiri, tikuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe zobwerera kukhola. Singano ya sipoko inali m'manja mwake. Anabaya kamodzi, kanaphulika mwakachetechete n'kugwetsa mvula yofunda. Anabaya kena, kenanso. Masamba ananyezimira, fungo la dothi lonyowa linakwera. Sankamva kupweteka kulikonse. Ankangosoka mlengalenga monga ankasokera fodya, akuimba chamumtima nyimbo ya ku Chigwirizano. Atayang'ana dzanja limene linagwira singano, anaona kuti linali ndi zala zinayi, ndipo linkagwira ntchito bwinobwino.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka. A Duncan ankamukupiza ndi chipewa. Kuchokera patsinde pa chala, mzere wofiira unali utadutsa pachikhatho, kulunjika pamfundo ya dzanja. M'mawa panalibe.

"Bambo a Feliya, kaitaneni adokotala."

"Make Feliya, tadikirani pang'ono. Mankhwala aja..."

"Ndawaona mankhwala anuwo. Ngabwino. Adzachiritsa ana a Feliya." Anakweza dzanjalo kuti aone mzerewo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Inu mwakwatira chala kapena ine?"

A Duncan anayang'ana pansi. Anati ankangoganiza za chigafa, kuti adzasoka ndani.

"Mudzasoka inuyo. Zala khumi muli nazozo n'zongotsegulira makapisozi?"

Mayi wa bedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola. A Duncan anavala chipewa chawo, anachivulanso, kenako anatuluka kukafuna dokotala.

Chalacho chinadulidwa Lachinayi pa 3 Epulo. Pomanga bandeji, Rahila anatenga bolopeni n'kulemba kamzere pamkono, pamene kufiira kunalekezera. Anati kukadutsa pamenepo akambirana za dzanja lonse.

A Duncan anapita ku Santhe kukaona fodya, n'kubwerako Lamlungu chala chawo chachikulu chitakulungidwa kansalu. Singano inali itawalasa. Makapisozi sanagule. Anakhala pamzere wa odwala n'kuonetsa balalo kwa namwino, kenako anadzakhala pambali pa bedi, onse awiri akuyang'ana mkono wa Lefina.

Kufiira kunali kusanadutse kamzere ka bolopeni. Kunalinso kusanabwerere m'mbuyo.