Mkono Wamanzere wa Cleavon Ruffin

"Dzina limodzi, Wendell. Sindikufuna ulaliki, ndikufuna dzina."

Anali a Stroud, kochi wamkulu wa timu yathu ya mpira wa ku America, uja wonyamula m'manja, atakhala pakona ya tebulo ndi kapu ya khofi wozizira kale. Ine ndinali chiimirire. Tsiku limenelo mpando unandikana kuyambira m'mawa. Kunali kumapeto kwa Ogasiti, tsiku lochepetsa osewera: pofika 4 koloko masana timu iliyonse inayenera kutumiza kuligi mayina a anthu amene yawasunga, otsalawo akaone zina. Ine ndinali kochi wa othamanga ndi mpira, ndipo kugawo langa malo anatsala amodzi. Anthu anali awiri.

"Dontrell Haskew ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri," anatero a Stroud. "Mayadi makumi anayi amawamaliza iwe usanameze malovu. Cleavon wakoyo wadutsa zaka makumi atatu. Kwa wothamanga, ameneyo ndi agogo."

"Liwiro ngakhale galu ali nalo, bwana."

"Wayambapo."

"Sindinayambe. Ndikufunseni: kwatsala mphindi zitatu, tikutsogola ndi mapointi awiri, bwalo lonse likudziwa kuti tithamanga ndi mpira, ndipo amuna khumi ndi mmodzi akudikira munthu mmodzi. Mumpatsa ndani mpirawo?"

"Zaka zitatu zapitazo ndikanayankha ndisanaphethire."

"Nanga lero?"

"Lero ndikufunsa iwe. Ndiwe umawaona tsiku ndi tsiku. Amene umutchule ndi yemweyo timusunge, sinditsutsa. Koma undiuze isanakwane 3 koloko."

Ndinatuluka mtima uli m'malo ndithu, chifukwa dzinalo ndinali nalo kale. Cleavon Ruffin ndinamulandira ndine akuchokera kukoleji ku Mississippi, atanyamula zovala zake m'chikwama cha pepala. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali naye. Kawiri anaposa onse m'ligi pa mayadi amene anathamanga mpira uli m'manja. Anthu amakangana m'malo ometera tsitsi ndi pawailesi kuti wothamanga woposa onse ndani, amawerenga manambala mpaka kutukwanana, koma ine ndinkangoseka. Ndinkamudziwa. Ndinkadya naye nthiti zowotcha Lolemba lililonse.

Chimene chinandilowetsa m'chipinda choonera matepi a kanema sindichidziwa mpaka lero. Mwina ndinkafuna kanthu kooneka kokawatsekera nako pakamwa a Stroud. Ndinaika tepi ya masewero athu okonzekera ligi, n'kuyamba kuonera ndili chiimirire, kachipangizo kobwezera kali m'manja.

Ulendo woyamba Cleavon anathamangira kumanja, mayadi asanu ndi awiri. Miyendo inali yomwe ija, yodekha, yodikira kuti mpata utseguke. Ndinamwetulira ndekha. Ulendo wachiwiri anakhotera kumanzere, nagwa atapeza mayadi anayi. Ndinatsala pang'ono kupitirira, koma chala chinabweza chokha.

Ndinabwezanso. Ndinabwezanso kachitatu.

Pali lamulo limene wothamanga aliyense amaliphunzira asanamere ndevu. Ukamathamangira kumanja, mpira umakhala m'khwapa lamanja. Ukakhotera kumanzere, umausamutsira kumkono wamanzere, kuti thupi lako likhale pakati pa mpirawo ndi anthu okugwetsa. Cleavon ankasamutsa mpira mosaganiza, ngati munthu wosintha foloko pakudya. Ndinkaonetsa matepi ake kwa atsopano kuti aphunzire. Koma apa anali kuthamangira kumanzere mpira uli kumkono wamanja, poyera, pafupi ndi zibakera za adani.

Ndinati mwina wangoiwala. Ndinaonera tepi yonse, ndi ina, ndi inanso. Maulendo khumi ndi umodzi anapita kumanzere, ndipo sanasamutse mpira ngakhale kamodzi. Ndinatsegula kabati, n'kugwetsa matepi achaka chatha pansi pofunafuna. Seputembala ankasamutsa. Novembala ankasamutsa. Ndiye kunabwera masewero a mu Disembala, tsiku la chipale chofewa, pamene chimunthu china chinamugunda ndi chisoti pakati pa khosi ndi phewa. Anadzuka, nadzisasa, nabwerera pamzere monga mwa masiku onse. Kuyambira pamenepo mkono wamanzere sunagwirenso mpira.

Miyezi isanu ndi itatu, ine kochi wake osaona. Ndinachita manyazi, kenako ndinapsa mtima, ndipo sindinadziwe kuti ndikupsera ndani.

Ndinamupeza m'chipinda chodyera, nthawi itangopitirira 12 koloko. Tsiku lochepetsa anthu palibe amadya. Mbale zimabwerera kukhitchini zili zodzaza. Koma Cleavon anali atakhala yekha pawindo akumenya nkhuku yokazinga ndi mbatata, ngati tsiku la Khirisimasi.

"Kochi, khalani pansi," anatero. "Mukuzungulira ngati mwataya makiyi."

"Ndili bwino choncho."

"Mwaonda ndi nkhawa. Mwana uja Dontrell wasanza kawiri chiyambire m'mawa. Ndamuuza kuti akasanza kachitatu ndimuuza mayi ake."

Patebulo panali mbale ya malalanje. Ndinatolapo limodzi, n'kuliponya mwadzidzidzi chakumanzere kwake, m'mwamba pang'ono. Analiwakha, inde. Koma analiwakha ndi dzanja lamanja, atapotoza thupi lonse. Lamanzere linangokhala pantchafu ngati la mlendo.

Tinayang'anana. Analiika lalanje lija pambali pa mbale pang'onopang'ono.

"Mwachedwa, mdala," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa mudzaona mu Julayi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Kuti mutani? Mundipempherere?"

"Dokotala wa timu anakupima bwanji osaona?"

"Amati kweza mkono, ndimakweza. Amati finya dzanja langa, ndimafinya. Masekondi asanu ndimakwanitsa. Kupitirira apo umayamba kunjenjemera, kenako umangogwa wokha." Anatambasula zala zake n'kuziyang'ana. "Ziwiri izi sindizimva. Tsiku lina ndinagwira poto wamoto, ndinadziwira kununkha."

Apo ndinakhala pansi. Koma sipanathe mphindi ndinaimiriranso.

"Ukudziwa chimene chichitike," ndinatero. "Ine ndaona lero. Pofika sabata yachitatu makochi a matimu ena onse adzakhala ataona. Azidzakukankhira kumanzere dala, n'kumamenya mpirawo. Ndipo akadziwa kuti vuto ndi khosi, azidzalunjika pomwepo. Ukuwadziwa anthu amenewa, Cleavon. Ndi anzathu, koma alibe chisoni."

"Mayadi mazana anayi ndi khumi ndi awiri."

"Chiyani?"

"Musanamizire, Kochi, nambala imeneyi mukuidziwa kuposa tsiku lobadwa la akazi anu. Andikwanire amenewo ndifike zikwi khumi chiyambire kusewera m'ligi. Madoda amene amakhala pansi kusankha akatswiri a nthawi zonse aja saonera matepi ngati inu. Sadziwa kuti ndani anatchinga chimphona kuti woponya mpira asathyoke msana. Amatsegula pepala. Amene wafika zikwi khumi amamukambirana. Amene sanafike, amati anali wabwino ndithu, n'kutsegula tsamba lina." Anapukuta pakamwa. "Masewero asanu ndi limodzi akwana. Mukatero mudzandithamangitse ndi tsache, sindidzadandaula."

"Nanga mkonowo ukafa osadzukanso?"

"Ndi wanga."

"Uli ndi zaka zambiri kutsogoloku zoti uzidzamanga mabatani a malaya."

"Loretta adzandimangira. Anakwatiwa ndi ine akudziwa kuti ndine chitsiru." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inauma. "Ndikufunseni chimodzi, ndipo musandinamize. Lero lino, mmene ndililimu, wabwino ndani: ine kapena mwanayo?"

Ndikanatha kunama. Ndinayesa, koma lilime linakana.

"Iwe."

"Ndi mkono umodzi?"

"Ndi mkono umodzi womwewo."

"Ndiye a Stroud anakufunsani funso lanji? Si lomweli?" Anatola foloko yake. "Pitani mukayankhe. Ndipo mudye kanthu, mukuoneka ngati mtembo."

Maola awiri otsatirawo ndinawathera pabwalo lochitira masewera olimbitsa thupi, ndikuyenda kuchoka kugolo ina kukafika kwina, dzuwa likuswa mtengo. Woyendetsa makina otchetcha udzu anachita kundizemba kawiri. Ndikamapita uku ndinkati Cleavon: munthu wamkulu, thupi ndi lake, wandipempha chinthu chimodzi chokha pa zaka zisanu ndi zinayi. Ndikamabwerera ndinkamuona atagona pakapinga, bwalo lonse lili zii, akumulowetsa pamachira khosi atalimanga. Ndinaziwonapo zimenezo kwa munthu wina, ndipo ndine ndinakaimbira foni mkazi wake. Ndinatukwana Cleavon, ndinatukwana tepi ija, ndinadzitukwana ndekha chifukwa cholowa m'chipinda chija pamene dzina ndinali nalo kale.

Itatsala pang'ono 3 koloko ndinagogoda kwa a Stroud, malaya atanyowa ndi thukuta.

"Dontrell," ndinatero.

Anavula magalasi. "M'mawa uja unatsala pang'ono kundimenya chifukwa cha Cleavon. Chasintha n'chiyani?"

Apa ndiye pamene ndimadziona kuti ndine munthu wotani. Ndikanatchula khosi, mawu akanayenda m'ligi yonse dzuwa lisanalowe, ndipo palibe timu ikanamuyang'ananso. Zikanamupulumutsa kotheratu. Koma zikanatsekanso khomo lililonse la mayadi ake aja, ndipo wotseka ndikanakhala ine. Ndinalibe mtima womusunga, ndinalibenso mtima womumaliza.

"Miyendo yatha," ndinatero. "Ndaonera matepi. Mumanena zoona."

Kunena kuti wothamanga miyendo yatha kuli ngati kumutukwanira mayi ake. Ndinanamizira miyendo yabwino koposa imene ndinaionapo.

"Chabwino," anatero a Stroud. "Ndituma munthu akamuitane."

"Ndipita ndekha."

Pali mawu amene timanena pa tsiku limeneli, ndipo sasintha m'timu iliyonse. Sunena kuti wachotsedwa. Umagogoda, n'kunena kuti bwana akukufuna, utenge buku lako. Bukulo ndi chimfayilo chochindikala cha mapulani onse a timu, cholemera ngati njerwa ziwiri, ndipo wosewera akauzidwa kuti alitenge amadziwa kuti sabwerera nalo.

Chitseko cha chipinda cha Cleavon chinali chotsegula. Anali atakhala pabedi akumanga zingwe za nsapato.

"Bwana akukufuna," ndinatero, maso ali pakhoma. "Utenge buku."

Anakoka zingwe zija mwamphamvu. Kenako anamaliza kumanga nsapato ija bwinobwino, ndi inzake yomwe.

"Mwawauza chiyani?"

"Miyendo."

"Miyendo," anabwereza, ngati akulawa chinthu chowola. "Miyendo yanga, Kochi?"

Ndinamupatukira pakhomo kuti adutse. Tinayenda limodzi mukhonde lalitali lija, iye patsogolo, ine pambuyo. Osewera amene tinakumana nawo ankati akaona bukulo m'khwapa mwake, ankapatuka n'kuyang'ana pansi. Dontrell anali ataima pafupi ndi makina a zakumwa, nkhope ili mbuu. Cleavon anamugunda paphewa podutsa. "Kadye tsopano, iwe," anatero, osaima.

Ndinene pano kuti palibe timu inamuimbira foni chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Matimu onse anakhulupirira bodza langa. Mayadi ake anaima pomwe anaimapo, ndipo nthiti za Lolemba zinathera pomwepo. Atolankhani akandifunsa lero kuti wothamanga woposa onse amene ndinamuphunzitsa ndani, ndimatchula dzina lake, iwo n'kuyang'ana pamapepala awo, n'kundimwetulira mwaulemu ngati nkhalamba yosokonezeka.

Mu ofesi muja a Stroud anaimirira, nanena mawu onse oyenera: zaka zabwino, khomo n'lotsegula, timu sidzaiwala. Cleavon anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Atamaliza, a Stroud anatambasula dzanja kuti alandire buku.

Cleavon sanawapatse. Analichotsa m'khwapa lamanja, nalisamutsira kudzanja lamanzere, natembenukira kwa ine. Anawongola mkono wonse, chimbuku chija chili lende kumapeto kwa zala, maso ake ali pa ine, osaphethira.

Ndinayamba kuwerenga masekondi mumtima ndisanafune. Imodzi. Ziwiri. A Stroud ankatiyang'ana mosamvetsa. Zitatu. Ndinaona mnofu wa paphewa ukuyamba kugwedera pansi pa malaya, ngodya ya buku ikuweramira pansi pang'onopang'ono, ndipo iye sanasunthe, sanapinde chigongono, anangondiyang'ana.

Pa zinayi ndinadumpha, ndikugunda mpando ndi bondo, n'kuligwira ndi manja awiri lisanagwe.