Jekete la Thumba Lopendekeka

Kalata inafika Atelala ali kalikiliki kusoka diresi la ukwati. Ataiwerenga, phazi linauma pa makina. Kampani ina yobwereketsa ndalama inkati iwo anatenga njinga yamoto pangongole, ndipo akapanda kulipira pofika kumapeto kwa mwezi, alandidwa makina osokera. Makina omwewo odyetsa banja lonse!

"Njinga yamoto, inuyo bambo?" akazi awo anafa nacho chikhakhali. "Yakapalasa yomwe munagwa nayo m'ngalande!"

Atelala sanaseke, mantha anali atawagwira. Anakumbukira kuti anabwereketsapo chiphaso chawo cha unzika kwa kasitomala wina wapakamwa pokoma, amene anthu ankamutcha Mawamawa. Iye analonjeza kukawalembetsa ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu. Chiphaso chinabwerera, koma ntchito kuli zii.

"Ndingolipirako pang'ono mwakachetechete," anatero Atelala. "Anthu angandiseke."

Mwamwayi mayi woyandikana nawo nyumba, wogwira ntchito ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo, anali pomwepo kudikira siketi yake.

"Musayerekeze, aneba! Mukalipira zidzaoneka ngati ngongoleyo mwaivomera. Pitani kupolisi lero lomwe, akupatseni lipoti. Kenako mulembere kampaniyo kalata yokana ngongoleyo, mupemphenso kuona mapepala onse amene akuti munasaina. Pepala lililonse muzisunga kope lake. Akakuvutitsanibe, mubwere ku ofesi kwathu, thandizo ndi laulere."

Safunsa anadya phula. Atelala anachita zonsezo, ngakhale kuti kupolisi analowa mozemba ngati wakuba ndi iwowo.

Ku kampani kuja, kalaliki anatulutsa fayilo. Munali chithunzi cha munthu akulandira njinga, atavala chisoti chobisa nkhope yonse.

"Si inu awa?" anafunsa kalaliki.

Atelala anayang'anitsitsa, kenako anadumpha. "Jekete ili ndinasoka ndine! Taonani thumbali!"

Thumba la pachifuwa linali lopendekeka ngati likufuna kutaya zam'kati. Akazi awo, amene anawanyoza nalo mlungu wathunthu, anaikira umboni mokondwa: "Zoona, achimwene. Dziko lonse lino palibe telala wina angasoke thumba lotere."

Tsono Atelala anali ndi chizolowezi chimodzi: m'kope lawo la miyezo, pambali pa dzina ndi nambala ya foni ya kasitomala aliyense, ankasokererapo kansalu kotsala pa chovala chake. Anatsegula tsamba la Mawamawa. Kansalu kaja kanafanana ndendende ndi jekete la pachithunzi, pomwe siginecha ya mufayilo sinafanane ndi yawo m'pang'ono pomwe.

Apolisi anam'peza Mawamawa akunyamula anthu pa njinga yomweyo, jekete lili pathupi. Akuti anapempha kuti akafotokoze mawa, koma ulendo uno sizinatheke. Patapita masabata atatu, kampani inalemba kalata yoti Atelala alibe ngongole, ndipo makina anakhalabe pamalo pake.

Masiku ano Atelala amalangiza aliyense wobwera kudzayezetsa: "Chiphaso sabwereketsa, ngakhale kwa mnzako wodya naye mbale imodzi. Wina akatenga ngongole m'dzina lako, usalipire, usachite manyazi. Kanene kupolisi, ikane polemba kalata, ndipo funa thandizo la zamalamulo msanga."

Akazi awo amangowonjezera kuti: "Koma matumbawo, bambo, muziwongolabe."