Mndimu wa Sellah

Kuseri kwa nyumba ya Anesi, m'malaini a antchito a pa esiteti ya tiyi, kunali mtengo umodzi wa mandimu. Amene anaudzala ndi mwana wake woyamba, Sellah, ali mu Sitandade 2, nthangala ataitola pamsika wa Masambanjati. Mtengowo unadzayamba kubereka mwini wake atagona kale kumanda. Malungo anamutenga m'masiku atatu okha, m'dzinja, tiyi ataphuka moti amake analephera kujomba kumunda.

Kuyambira pamenepo Anesi udzudzu anauda ngati mfiti. Neti inalipo, koma udzudzu wa ku Thyolo sudikira kuti munthu akagone. Choncho akaweruka kothyola tiyi, ankatenga makoko a mandimu amene anayanika padenga, kuwaika paphale la makala, n'kufukiza m'nyumba monse. Masamba ankawafikisa m'manja n'kupaka pansalu yoberekera Caleb, khanda lake. Anzake ankamuseka kuti nyumba yake imanunkhira ngati ya wodwala chimfine, koma dzuwa likapendeka, omwewo ankabwera mwakachetechete kudzapempha makoko.

Malungo atachuluka m'malaini, a ku ofesi analamula kuti tchire ndi mitengo yonse yoyandikira nyumba zidulidwe, ati ndi mobisala udzudzu. Wolemba lamulolo anali asanapondeko kuseri kwa nyumba ya Anesi. Tsoka silinunkha: m'gulu la odulawo munali Zakeyu, mwamuna wake.

Odulawo anafika m'mamawa, Anesi ataberekera kale dengu lake. Ataona nkhwangwa, anagwada pamaso pa kapitawo wawo, a Yesaya.

"A kapitawo, chonde, uwu si mtengo wamba. Ndi mankhwala a udzudzu womwewo."

"Mayi, iyi ndi oda ya abwana," anatero a Yesaya, maso ali kumbali. "Ndikasiya wanuwu, mawa aliyense anena kuti papaya wake ndi mankhwala. Everson, dula."

Zakeyu analanda nkhwangwa m'manja mwa mnzakeyo.

"Ndidula ndine."

"Bambo a Sellah, inu?" anafunsa Anesi.

"Bola ine, mayi a Sellah. Enawa angoudula ngati mtengo."

Anayamba wathyola mandimu onse, ngakhale osakhwima, n'kuwaunjika pakhonde. Kenako anatema. Mtengo wa zaka zisanu ndi zinayi sunachedwe kugwa. Anesi sanadikire kuti aone, anatsetsereka kumunda, ndipo tsiku lonse anathyola tiyi misozi ili chuchuchu. Zinamuwawa ngati maliro aja achitikanso, ndipo anakwiyira mwamuna wake kwambiri.

Madzulo anapeza Zakeyu atakhala pakhonde, Caleb atagona pamiyendo pake. Manja a bamboyo anali okalikakalika ndi minga, malaya atathimbirira ndi madzi a masamba. Anesi sanapereke moni. Anatereka madzi, n'kubwera nawo m'beseni monga mwa masiku onse, kuti mwamuna wakeyo asambe.

Atawerama kuti aike beseniyo pansi, fungo linamufika. Zakeyu yense ankanunkhira mandimu: m'manja, m'malaya, m'tsitsi momwe. Udzudzu unali utayamba kale kulira pakhonde, koma khandalo linali gone, nkhope litaibisa m'malaya a bambo ake. Zakeyu sanadzutse mutu. Misozi inkadonthera pansalu ya mwanayo.

Anesi anaima kanthawi, beseni ili m'manja. Kenako anakakhuthula madziwo pachitsa chija, n'kubwera kudzakhala pambali pa mwamuna wake.

"Lero musasambe, bambo a Sellah," anatero. "Sellah akhale nafe kaye."