Loboti la Tasnim pa kapeti ya alendo

Nditalowa m'kalasi tsiku la chionetsero, mtima unangoti myu! Pansi ponse panali kapeti yofiira ya maluwa akuda. Anaiyala ndi Umm Fadi, mayi wosamalira nyumba yathu ya achinyamata kuno mumzinda wa Irbid.

"Mayi, mwandipha! Mzere wathu uli pansi pa kapetiyi!"

"Ndiye alendo akhale pozizira chifukwa cha tigalimoto tanuto? Mulibe manyazi, aphunzitsi?"

Ndimaphunzitsa ongoyamba kumene kulemba malamulo a kompyuta, ndipo timaphunzirira pa maloboti. La Tasnim, mtsikana wakhama kuposa onse, tinalikonza kuti lizitsata mzere wakuda pa matailosi oyera, litasenza kakapu ka khofi. Bambo ake, Abu Nidal, anali atanenetsa kuti izi n'zidole. Akabwera n'kuona zachibwana, Tasnim asiya kalasi azikagulitsa nsalu kusitolo.

Ndiye ndi awo, anali atakhala kale pakapetipo, nsapato atavula. Kudzutsa mkulu amene wakhala kale? Anthu akanandinena mpaka kulikulu ku Amman.

Tasnim anayatsa loboti lake. Ine thukuta kamukamu. Lobotilo linaona duwa lakuda, n'kuliyesa mzere, n'kuyamba kuzungulira pomwepo ngati nkhuku yodulidwa mutu. Khofi anatayikira pakapeti. Wina anaseka kumbuyo, ndipo ndikanamudziwa ndikanamuponyera nsapato.

"Ndi zimenezi?" anafunsa Abu Nidal.

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero Tasnim.

Anagwada ndi kompyuta yake. Ndinafuna kumuthandiza, koma bambowo ankayang'ana ine, ndipo ndikanangokhudza batani limodzi akanati ntchito yonse ndi yanga. Ndinangoluma mlomo. Ndinali ndi mantha zedi, chifukwa kuyendetsa loboti popanda mzere ndinali nditangowalawitsa ophunzirawo kamodzi.

Mwanayo anafufuta malamulo onse a mzere m'kompyutamo. Anayeza kapeti ndi zikhatho kuchokera pa loboti kufika pa mawondo a bambo ake, n'kulemba malamulo atsopano. Umm Fadi anathiranso khofi, uku akung'ung'udza za kapeti yake.

Loboti linanyamuka mwaulesi, matayala akutitimira mu ubweya. Linakhotera kumanzere, n'kuima patali ndi bambowo. Tasnim anasintha nambala imodzi. Linasendera, n'kugunda bondo lawo.

Abu Nidal anatenga kakapu ndi dzanja lamanja, n'kumwa. Kwathu kuno, ukagwedeza kapu pobweza ndiye kuti wakwana, asakuthirirenso. Ine maso anali pa dzanja lawolo.

Anakayang'anitsitsa kakapuko, kenako mwana wawo. Sanagwedeze. Anangokabweza pamsana pa loboti.

"Khofiyu wazizira," anatero. "Uliuze libweretse wina. Ndipo sabata yamawa uliphunzitse kufulumira."